Thiransipoti ikundithera malipiro onse, anzanga mukupanga bwanji?

MayiWaTadala
Abale anga a mgulu muno ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Ine ndimagwira ntchito yophika ndi kutsuka mbale pa lesitilanti ina pa Nchalo koma ndimakhala ku Bereu kwa amayi anga chifukwa ana anga awiri ali pa sukulu konkuno. Pamwezi ndimalandira K100,000. Mafuta asanakwere ndinkalipira K1,000 kupita K1,000 kubwera, kondakitala wondidziwa ndinkamupatsa K800 nkundisiya. Pano ati K1,500 ndipo zonenerera sakumva, ukangoyamba kudandaula akuti tsikani mayi galimoto siyendera madzi. Dzulo usiku ana atagona ndinang'amba pepala mkope la mwana wanga nkuyamba kuwerengetsa, K3,000 patsiku masiku 26 ikukwana K78,000. Nde kuti ndikutsala ndi K22,000 yoti ndigule ufa, sopo, ndiwo, kuchigayo, zonse. Ndinawerenga kawiri kuganiza kuti mwina ndalakwitsa. Kodi ndisiye ntchitoyi ndizikhala pakhomo? Inu amene mumakwera tsiku ndi tsiku mukupanga bwanji?

Mlonda_waBoma
Achemwali pepani. Musasiye kaye, ntchito kuipeza pano ndi zovuta. Ine ndinasiya kukwera kalekale, ndimapalasa njinga kuchokera kumudzi mpaka pa boma pa Chikwawa.

NyaTengani
K78,000?? Eeh ndiye mukugwirira ntchito eni minibasi tu mayi

ChibweCity
Vuto ndi makondakitala ndi akabaza dyera basi. Mafuta akangokwera pang'ono iwo amakweza kawiri, ndipo akweza usiku womwewo olo mu thanki muli mafuta akale.

Lifo_waDyeratu
A ChibweCity musatinamizire chonde, bwerani mudzaime pa siteji tsiku limodzi muone. Njinga ndimayendetsayi siyanga, mwini wake amafuna K8,000 madzulo aliwonse kaya kwayenda kaya sikunayende, ndipo akuti ikaphwa tayala ndi zanga. Lita imodzi ndikanyamula munthu ndi katundu wake imandifikitsa makilomita ngati 35, mumsewu wa fumbi wopita ku Chapananga siyifika nkomwe pamenepo. Ndikapeza mafuta pa pampu ndi mwayi, masiku ambiri ndimagula a mzigubu ndipo kumeneko mtengo amatchula okha ogulitsa kutengera kuti pa filing'i pauma masiku angati. Nde ndikadzuka 5 koloko, makasitomala asanu oyambirira ndi a mafuta, otsatirawo ndi a bwana, anga amayamba dzuwa litapendeka. Pano anthu ambiri akungoyenda pansi, amatidutsa pa siteji osatiyang'ana nkomwe. Lachiwiri lapitali ndinapita kunyumba ndi K1,200 yokha. Dyera lake ndi limenelo?

ChibweCity
Chabwino man koma mukakweza mukuthamangitsa makasitomala omwewo

Lifo_waDyeratu
Tikudziwa. Koma ndikapanda kukweza nde ndikumunyamula munthuyo ndi ndalama yanga.

Aphunzitsi_Ngabu
Tiyeni tiike manambala poyera kuti tisamangokangana mumdima. Kuyambira mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44%, petulo anali pa K2,530 lita ndipo dizilo pa K2,734. Mitengo imeneyi inakhala choncho pafupifupi zaka ziwiri pa pepala, ngakhale tonse tikudziwa kuti pa pampu mafuta ankasowa ndipo anthu ankagona pa mizere. Kumayambiriro kwa Okutobala 2025 a MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, analengeza kuti petulo wafika pa K3,499, dizilo K3,500. Nde kuti nthawi imeneyo petulo anakwera ndi K969 pa lita, kapena tinene kuti pa K100 iliyonse anaonjezerapo pafupifupi K38. Tsono mayi athuwa akuti mtengo wachoka pa K1,000 kufika K1,500, kumeneko ndi kuonjezera K50 pa K100 iliyonse. Apa ndiye pamene a ChibweCity ali ndi mfundo, chifukwa mafuta si ndalama yokhayo imene galimoto imadya, nde mtengo wokwerera sumayenera kuthamanga kuposa mafutawo. Gwero lenileni ndi ndalama zakunja. Dziko lathu silikumba mafuta, dontho lililonse limagulidwa ndi madola nkubwera pa mathanka kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, nde madola akasowa m'mabanki mathanka amachepa, mizere imayamba, a zigubu nkupezerapo mpata.

Sienta_BT_Nsanje
Aphunzitsi masamu anu ndi olondola koma ndi a mkalasi. Inu mukuwerengera mtengo wa pa pampu ngati kuti ndikafika pa filing'i amangondithirira. Ine ndakhalapo pa mzere ku Blantyre kuyambira mmawa mpaka usiku, tsiku lonse galimoto osagwira ntchito koma abwana akufuna ndalama yawo ya tsikulo. Ndani alipire tsiku limenelo? Komanso matayala, oyilo, mabuleki zonse zimagulidwa ndi dola yomweyo ndipo ogulitsa masipeya sawerengera dola ya kubanki. Msewu wathuwu mukuudziwa, kutsika phiri kuchokera ku Blantyre mpaka pa Thabwa mabuleki amanunkha, pokwera injini imamwa mafuta ngati kawiri. Galimoto yoyenda Limbe Zomba ndi yoyenda kuno sizingafanane kutha kwake.

Aphunzitsi_Ngabu
Zoona zimenezo adalaivala, za masipeya sindinaziwerengere. Komabe Bereu Nchalo palibe phiri.

Sienta_BT_Nsanje
Palibe phiri koma galimoto ndi yomweyo yatsika phiri mmawa

NyaTengani
Inu mwayamba kukangana za mabuleki mayi afunsa kuti apange bwanji

Mlonda_waBoma
Ndifotokoze za njinga bwinobwino poti ndine ndinayambitsa. Ine ndi mlonda, ndimalowa 6 koloko madzulo kutuluka 6 koloko mmawa. Kale ndinkakwera kabaza wa njinga yamoto koma nditaona kuti theka la salale likupita kumeneko ndinagulitsa mbuzi ziwiri nkugula njinga yogwiritsidwa kale ntchito. Kupita ndimanyamuka cha m'ma 4 dzuwa likadali lowawa, ndimanyamula botolo la madzi la malita awiri ndipo pofika limakhala latha, malaya a yunifomu ndimawaika mjumbo kumbuyo ndimakavala konko chifukwa ukavala pochoka umafika uli chinyowere. Mwezi uno wa kutentha phula limachita kufewa, chubu chokhala ndi zigamba chimangomatuka chokha, nde ndimayenda ndi mpope, guluu ndi kachidutswa ka chubu chakale nthawi zonse. Chovuta kwambiri ndi pobwerera, usiku wonse sunagone kenako upalase, tsiku lina ndinasinza ndili pa njinga ndinadzidzimuka ndili mmphepete mwa msewu lole ikundiimbira hutala. Sindikunena kuti ndi zophweka ayi. Koma ndalama imene ndinkapatsa akabaza pano ndi imene ikugula chimanga kunyumba kwanga.

MayiWaTadala
Achimwene zikomo. Njinga ndaiganizirapo koma ife timatseka 7 koloko usiku makasitomala akatha, nthawi zina mpakana 8. Mzimayi ndekha mumsewu wa mmphepete mwa mizimbe usiku? Amayi anga sangalole olo pang'ono.

NyaTengani
Ayi usiku ayi mayi. Musayerekeze.

Lifo_waDyeratu
Ife amuna amene tili pa njinga yamoto tikuopa usiku, anzathu angapo alandidwa njinga ndi anthu onamizira kuti ndi makasitomala. Ine ikakwana 7 munthu wosamudziwa sindinyamula olo atchule ndalama zingati.

KuTsidya_Makhanga
Inu a ku West Bank mukudandaula muli ndi phula. Ife kuno kuti ufike pa Bangula uyambe wakwera kabaza mpaka pa doko, ulipire bwato, utsike ukwerenso wina. Mabwato a injini nawo akweza poti amayendera petulo yemweyo, otsika mtengo ndi opalasa aja koma mukudziwa za ng'ona ndi mvuu mu Shire. Mlamu wanga amagulitsa mu shopu pa Bangula, anaona kuti sizikutheka pano amagona kuseri kwa shopu komweko pa makatoni, amabwera kunyumba Loweruka madzulo basi. Mkazi wake ali ndi khanda. Chichokereni mlatho wa Mtayamoyo ife timangokhala ngati a dziko lina.

Mbuya_waSorgin
Ana inu simunaone sitima. Kale munthu unkakwera pa Nsanje kapena pa Bangula ndi mtanga wako wa nsomba zouma, kudutsa pa Chiromo, Makhanga, Sankhulani kukwera mpaka Luchenza ndi Limbe, ndalama yochepa kwambiri ndipo katundu umanyamula mmene ungathere. Madzi a mu 1997 ndi amene anadula njanji pakati pa Bangula ndi Makhanga, kuchokera pamenepo chigwa chino chinatsala ndi msewu umodzi basi ndipo aliyense wosauka anagwera mmanja mwa petulo. Mu 2015 madzi anabweranso nkuononga mbali ya ku Makhanga yomwe sitima inkafikabe. Sitima imodzi imanyamula anthu a maminibasi angati? Mukanakhala nayo bwenzi nkhani ino ili ina.

ChibweCity
Mbuya njanji akukonza kuchokera ku Marka kubwera ku Bangula, mwina tidzaionanso

Mbuya_waSorgin
Ndikuiona mwana wanga ndipo ndikuipempherera. Koma ndinaliponso pa Nsanje mu Okutobala 2010 tsiku lotsegulira doko, malemu Bingu wa Mutharika ali pomwepo ndi alendo ochokera kunja, tinkayembekezera kuti katundu ndi mafuta azibwera pamadzi kudzera mu Zambezi nkutsika mtengo. Pitani mukaone dokolo lero. Nde ine ndimakhulupirira ndikakwera.

Kachale_wa_kuMarka
Koma kunena zoona mafuta akamabwera pa njanji kuchokera ku Beira ife a Nsanje ndi amene tili pakhomo penipeni, Beira ali pafupi ndi ife kuposa Lilongwe. Zimandipweteka kuti thanka idutse kutali kukazungulira kenako mafuta atsike phiri kubwera kuno ngati ndife omalizira.

NyaTengani
Tabwererani kwa mayi a Tadala abale, sitima siwafikitsa ku ntchito mawa

ZaLabour265
Mayi funso langa ndi lakuti K100,000 imeneyo munagwirizana liti? Chifukwa boma linakweza malipiro otsikitsitsa mu 2025, kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pamwezi, ndipo a ntchito za m'nyumba kuchoka pa K52,000 kufika pa K72,800. Magulu a ntchito amasiyana nde pitani ku ofesi ya zantchito pa boma mukafunse kuti malo ngati anuwo ali mgulu liti, kufunsa ndi kwaulere. Komanso ngati mukugwira kuyambira mmawa mpaka 8 usiku masiku 6 pa sabata pali nkhani ya maola oonjezera, lamulo la ntchito limanena za maola 48 pa sabata, opitirira pamenepo amayenera kulipiridwa padera. Anthu ambiri kuno sitidziwa zimenezi nde mabwana amangokhala chete.

MayiWaTadala
Tinagwirizana chaka chatha, palibe chimene tinalemba, anangonena pakamwa. Ndikapita ku labour abwana akamva mawa lomwe andiuza kuti ndisabwerenso, atsikana ofuna ntchito amabwera pakhomo paja tsiku lililonse.

ZaLabour265
Mantha amenewo ndikuwamvetsa. Simukuyenera kukasuma, kungofunsa kaye kuti mudziwe pamene mwaima. Mukadziwa mumalankhula ndi abwana mosiyana.

Shopu_yaMiseuFolo
Ndilankhuleko ngati wolemba ntchito ngakhale ndikudziwa kuti mundigenda. Ndili ndi kagolosale ndi anyamata awiri. Katundu ndimakatenga ku Limbe, mtengo wa galimoto yobweretsa wakwera, anthu ogula achepa chifukwa ndalama yawo ikuthera mu thiransipoti momwemo, nde phindu latsika pamene anyamata akufuna ndiwakwezere ndipo akunena zoona. Chimene ndinapanga ine, mmodzi amene amachokera kutali ndinamugulira njinga ndikumudula pang'onopang'ono pamwezi, ndipo ndimatseka msanga kuti afike kwawo kukuwala. Sindikuti mabwana onse ndi abwino, ena ndi ankhanza ndithu, koma mayi yesani kukhala nawo pansi abwana anu ndi pepala lomwe munawerengetsera lija, muwaonetse K78,000 ndi maso awo. Munthu wophika bwino amene makasitomala anamuzolowera samutaya chisawawa.

ChibweCity
Akulu inu ndinu osowa. Ambiri amangoti ukafuna siya.

Aphunzitsi_Ngabu
Ndibwerenso pa mfundo ya a ZaLabour265. Tiyerekeze kuti mayiwa awakwezera mpaka K126,000 yonse. Chotsani K78,000, yatsala K48,000 ya mwezi wathunthu pa banja la anthu anayi. Nde olo lamulo litatsatidwa ndendende munthu wokwera galimoto kawiri patsiku sakukwanitsabe. Malipiro otsikitsitsa aja amawerengeredwa ngati kuti wantchito amagona pa geti pa ntchito. Ife aphunzitsi timalandira kuposa pamenepo koma ndikuuzeni, anzanga ophunzitsa sukulu za kumidzi amene ankakhala pa Ngabu nkumapita pa kabaza, ena asamukira mtinyumba ta udzu pafupi ndi sukulu, ena akufika 9 koloko atayenda pansi ana atadikira mpaka kutopa. Mtengo wa petulo ukulowa mpaka mkalasi.

Namwino_wausiku
Ukulowanso mchipatala. Amayi oyembekezera akubwera mochedwa chifukwa akudikira kuti matenda akule kaye asanalipire njinga yamoto, ena akubwera pa njinga yopalasa atamangiriridwa ndi chitenje kumbuyo. A mankhwala a mwezi ndi mwezi ena akudumphitsa tsiku lawo, ukawafunsa akuti ndinalibe ya thiransipoti. Mtima umandiwawa chifukwa sungawakalipire, ukudziwa kuti sakunama.

Kachale_wa_kuMarka
Kuno kumalire anyamata ambiri asiya maganyu ayamba kukatenga mafuta ku Mozambique mzigubu pa njinga, akuti ndi momwe muli ndalama

Namwino_wausiku
Chonde auzeni asamasunge mnyumba zogona. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 mwezi uno, chigubu cha petulo chimafufuma chokha pansi pa malata, mnyumba momwemo muli mbaula ndi ana. Mabala a moto wa petulo ndawaonapo, sindifuna wina aliyense awaone.

Lifo_waDyeratu
Komanso ena amasakaniza ndi palafini, injini yanga inagogoda chaka chatha chifukwa cha zimenezo. Ndikagula ndimayamba ndathira pang'ono pa chala kuona ngati akuuma msanga.

NyaTengani
Mayi a Tadala bwanji osapeza kachipinda pa Nchalo pomwepo? Olo ka K25,000 kuposa kutaya K78,000

MayiWaTadala
Ndinafunsapo achemwali. Nyengo ino yodula mizimbe anthu ndi ambiri pa Nchalo, tizipinda tosalipira zambiri tonse tadzaza, komanso akufuna miyezi itatu ya patsogolo. Ndiye ana? Wamkulu ali sitandade 8 alemba mayeso chaka chamawa, sindingamusunthe sukulu pano, wamng'ono ali ndi zaka 6 amagona atandigwira chitenje. Amayi anga maso anayamba kuvuta sangathe kuwaphikira tsiku lililonse. Nkhani yake ndi imeneyo, ndalama ikuti khala ku Nchalo koma ana ali ku Bereu.

Mbuya_waSorgin
Mwana wanga usasiye ntchito mwezi uno. Kumunda kulibe kanthu mpaka mvula igwe ndipo ikagwanso kuno sitidziwa ngati ibwera yolima kapena yokokolola, namondwe Freddy mu 2023 anatiphunzitsa. Gwira kaye chomwe chili mmanja.

BankiMkhonde_Bereu
Mayi ine ndili ku Bereu konkuno. Chinthu chimodzi ndikupempheni, musakatenge katapila kuti muzilipirira thiransipoti, ndaona amayi awiri apa akulandidwa ziwiya chifukwa cha zimenezo, ngongole yokwerera galimoto siibweza yokha. Ngati ndi njinga gulu lathu limabwereketsa koma muyambe mwalowa nkuponya masheya. Komanso dziwani kuti si inu nokha, mmawa uliwonse cha m'ma 5 pamakhala kagulu ka anthu opalasa kupita ku Nchalo, ena a ku esiteti ya mizimbe ena ogulitsa pamsika, amayi aliponso atatu. Kupita mutha kupita nawo. Vuto ndi lobwerera usikulo basi.

Shopu_yaMiseuFolo
Nde apa pali poyambira. Kupita pa njinga ndi gulu, ndipo abwana akalola kuti masiku ena muzituluka 5 koloko mubwerera kukuwala. Masiku otseka usiku ndi amene mungagone konko kwa mnzanu.

Sienta_BT_Nsanje
Kapena gwirizanani ndi dalaivala mmodzi muzimulipira pa sabata. Ine anthu anga a tsiku ndi tsiku sindiwatchaja ngati mlendo, mpando wotsimikizika mmawa uliwonse ndi wabwino kuposa kuima pa siteji kuitanira. Lankhulani ndi dalaivala osati kondakitala.

ChibweCity
Apa nde mwalankhula adalaivala. Zija ndinanena za dyera sindimanena nonse.

Lifo_waDyeratu
Tamva man, palibe mlandu. Tonse tikuphikidwa mu mphika umodzi.

MayiWaTadala
Takhuta nonse abale, ndawerenga zonse mmodzimmodzi pa nthawi yopuma. Lero makasitomala a masana atatha ndinalimba mtima ndinawaonetsa abwana pepala lija. Anakhala chete nthawi yaitali akuliyang'ana kenako anati ndalama yokweza pano alibe, tidzaonenso mwezi wa mawa, koma avomera kuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndizituluka 5 koloko mnzanga azitseka, ine ndizitseka masiku enawo. Mnzangayo amakhala pa Nchalo pomwepo ndi mwana wake, wati masiku anga otseka ndizigona kwawo pa mkeka bola ndizibweretsako ufa pang'ono. Nde kuti pa sabata ndizigona kunyumba masiku anayi kuphatikiza Lamulungu, ndipo maulendo atsika kuchoka pa 12 kufika pa 8, K12,000 mmalo mwa K18,000. Wamng'ono sindinamuuzebe, ndikusowa poyambira. Za ku labour ndipitabe kukafunsa ndikapeza tsiku. A BankiMkhonde_Bereu gulu lanu limakumana liti? Njinga ya malemu bambo anga ilipo mnyumba yangokhala, ikufunika matayala onse awiri ndi tcheni.

BankiMkhonde_Bereu
Lamulungu 2 koloko tikatuluka ku tchalitchi, ndikutumizirani malo ku inbox. Bwerani ndi amayi anu adzamve nawo.

Mlonda_waBoma
Tcheni musagule achemwali, ndili nacho china chabwinobwino ndinachotsa pa njinga ya mwana wanga. Ndikamupatsa wa minibasi Loweruka mmawa akusiyireni pa siteji pa Bereu. Matayala gulani okhuthala, minga ya mumsewu umenewo siisewera, ndipo chubu chakalecho musataye muzidulako zigamba.